Mtendere anausainira ku Roma, koma anaumangira kumudzi

TETE — Ku Mpadue, kumunsi kwa mzinda wa Tete, oyamba kudzuka ndi amayi a kumadimba. Amatsikira ku Zambezi ndi ndowa ndi makasu kuti athirire ndiwo kusanatenthe, pakuti dzuwa la ku Tete silidziwa nthabwala. Kenako mbuzi zimatuluka m'makola n'kumwazikana pansi pa milambe. Nthawi yonseyi, pa mlatho wa Kassuende, malole amakhala akudutsa. Ena akupita ku Moatize ndi ku Zóbuè, ena akuchokera ku Malawi kulowera ku Beira kapena ku Zimbabwe.

Mwana wa ku Mpadue sacheukako n'komwe. Kwa iye galimoto ndi galimoto basi. Koma munthu wa imvi akaona lole ikuyenda yokhayokha, dalaivala ali yekha, wailesi ikulira, amakumbukira masiku a coluna. Nthawi imeneyo panalibe galimoto yoyenda yokha pa msewu wochokera ku Nyamapanda kudzera ku Tete mpaka ku Zóbuè. Magalimoto ankandanda mzere wautali, asilikali a ku Zimbabwe ali kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo m'mbali mwa msewu munali zigoba za malole owotchedwa. Munthu akamakwera ankatsanzikana ndi abale ake ngati sadzabweranso.

Mlatho wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014, kuti upeputse mlatho wakale wa Samora Machel. Dzina lake ndi la kampu ya Frelimo ya ku Marávia, ya nthawi yomenyera ufulu. Kuno ngakhale mlatho womangidwa pa mtendere umatenga dzina la ku nkhondo.

Chaka chilichonse pa 4 Okutobala dziko limapuma, akuluakulu amaika maluwa, ndipo pa wailesi amatchula maina a anthu amene anagwira cholembera ku Roma. N'zoyenera, ntchito yawo inali yaikulu. Koma alipo ena amene satchulidwa: mfumu imene inagawanso minda, sing'anga amene anasambitsa msilikali, mayi amene anaphikira nsima munthu womuganizira kuti ndiye anatentha nkhokwe yake. Inu a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde, Zóbuè ndi Mutarara mukuwadziwa, chifukwa ena ndi makolo anu, ena ndinu nomwe.

Mmene midzi inapasukira

Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo inatha zaka 16. Akuti anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, ena ndi mfuti, ambiri ndi njala ndi matenda. M'chigawo cha Tete moto unakula kwambiri mu 1986. Chaka chimenecho mlatho wa Dona Ana ku Mutarara unaphulitsidwa, ndipo midzi yathunthu inanyamuka usiku, mphasa pamutu, mwana kumsana.

A m'malire anali ndi kothawira. A ku Mutarara analowa ku Nsanje, m'makampu ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu. A ku Moatize ndi Zóbuè analowera cha ku Mwanza. A ku Angónia ndi Tsangano anangowoloka msewu n'kukhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, ambiri m'midzi ya abale awo, pakuti malire amene azungu anadula anadutsa pakati pa mabanja. A ku Chifunde ndi Marávia ena anakafika ku Ukwimi, m'boma la Petauke ku Zambia. Dziko la Malawi lokha, kuchepa konse kuja, linasunga anthu oposa miliyoni imodzi.

Amene malire anali nawo kutali anathawira mumzinda. Mabairo a m'mphepete mwa Tete, monga Mpadue, anadzaza ndi anthu ochokera m'maboma, aliyense ndi chilankhulo chake ndi maliro ake. Wolankhula Chinyungwe, Chisena ndi Chichewa anayamba kutunga madzi pa dooko limodzi.

Choipa cha nkhondo imeneyi chinali chakuti sinali ya alendo. Mnyamata ankagwidwa ku munda n'kupita naye kutchire, mng'ono wake n'kugwidwa pa msika kupita ku usilikali wa boma. Mimba imodzi, mfuti ziwiri zoyang'anana. Masana mudzi unkafunsidwa chifukwa chodyetsa amatsanga, usiku unkafunsidwa chifukwa chodyetsa amilisiya. Ndipo woloza chala kuti nyumba iyo ili ndi chimanga kawirikawiri sanali mlendo.

Zimene pepala linanena, ndi zimene silinanene

Zokambirana za mtendere zinayamba mu Julaye 1990 ku Roma, m'nyumba ya gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Amkhalapakati anali anayi: Andrea Riccardi, Bambo Matteo Zuppi, Mario Raffaelli woimira boma la Italy, ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Anakambirana kwa zaka ziwiri ndi miyezi. Pa 4 Okutobala 1992 Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasaina.

Bungwe la United Nations linatumiza gulu lake, ONUMOZ, lotsogozedwa ndi Aldo Ajello. Msewu wa Tete unkalonderedwa ndi asilikali a ku Botswana. Asilikali pafupifupi 92,000 a mbali zonse anatula mfuti. Aliyense anapatsidwa khasu, mbewu, zovala za anthu wamba ndi galimoto yomufikitsa kumene wasankha, komanso kandalama kwa zaka ziwiri. Mu Okutobala 1994 kunachitika chisankho choyamba cha zipani zambiri. Chissano anapambana, koma kuno ku Tete ambiri anavotera Renamo, ndipo mfuti sizinalire.

Patangopita masiku ochepa kuchokera pamene anasaina, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lokhululukira milandu ya pa nkhondo, Lei 15/92. Panalibe bwalo loweruza opha anthu. Panalibenso komiti yofufuza zoona ngati imene inadzakhalako ku South Africa. Atsogoleri a mbali zonse anagwirizana kuti zakale zisafukulidwe.

Pamenepo pepala linathera. Silinanene kuti mnyamata wochokera kutchire akagona m'nyumba iti. Silinanene kuti munda wa munthu amene anakhala zaka zisanu ndi ziwiri ku Ntcheu ndi wa yani. Silinanene za mkazi amene anamva kuti mwamuna wake anafa, analira, anameta, anakwatiwanso ku kampu, kenako tsiku lina womwalirayo n'kutulukira ndi chikwama cha ONUMOZ m'manja. Milandu imeneyi inatsalira anthu a kumudzi.

Mango ndi manda zinakhala mboni

Pofika 1995 anthu pafupifupi 1,700,000 anali atabwerera kuchokera ku maiko oyandikana nawo. Ambiri a ku Angónia sanadikire malole a UNHCR. Bambo ankayamba wawoloka yekha kukaona, n'kumanga kachisakasa, n'kulima, banja likadali ku Malawi kulandira ufa wa pa khadi. Chimanga chikacha m'pamene ankasamutsa ana. Nzeru imeneyo sanaphunzitsidwe ndi bungwe lililonse.

Anapeza tchire. Pamene panali nyumba panamera mitengo, njira zinatsekeka, ndipo zina zinali ndi mabomba okwirira. Ntchito yochotsa mabombawo inatenga zaka zoposa 20, mpaka makoswe ophunzitsidwa kununkhiza anathandizako, ndipo boma linalengeza kuti yatha mu Seputembala 2015. Ena anapeza choopsa china: munda wa makolo awo ukulimidwa ndi munthu wina, amenenso anathawa kwawo.

Pamenepa mpamene nkhondo ina ikanabuka, ya zikwanje. Sinabuke. Zikalata panalibe, koma mboni zinalipo. Mtengo wa mango umene agogo anabzala, chitsa cha nsungwi, chulu, ndipo koposa zonse manda. Munthu akaloza pamene panagona amayi ake ndi ambuye ake, mtsutso unkachepa. Wobwerayo kawirikawiri ankaloledwa kukolola zimene anabzala, kenako mfumu inkamupezera malo ena. Sikuti zonse zinatha bwino. Amasiye ndi ana amasiye ambiri anaponderezedwa, ndipo malo abwino a m'mbali mwa misewu ena anagwera anthu a ndalama ndi a maudindo. Koma mitembo chifukwa cha minda sinachuluke monga ambiri ankaopera.

Oweruza milandu imeneyi anali mafumu ndi anyakwawa omwe aja amene boma linawachotsera mphamvu ufulu utabwera mu 1975, powanena kuti anali zida za atsamunda. Boma linazindikira mochedwa kuti popanda iwo mudzi suyenda. Lamulo la malo la 1997, Lei 19/97, linavomereza kuti umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, uli ndi mphamvu ngati chikalata, ndiponso kuti munthu amene walima malo mokhulupirika kwa zaka 10 ali ndi ufulu pa malowo. Mu 2000, Decreto 15/2000 inazindikiranso mafumu. Lamulo linangotsatira pambuyo zimene anthu anali atachita kale pansi pa mitengo.

Kusamba nkhondo

Ntchito yovuta kuposa zonse inali ya kulandira munthu amene anagwira mfuti. Makolo amadziwa kuti wokhetsa magazi sayenda yekha. Mzimu wa wophedwayo, amene sanaikidwe m'manda mwa ulemu, umamutsatira. Akalowa m'nyumba chonchi, ulowa naye. Ana ayamba kudwala, mkazi apita padera, iye mwini azibwebweta usiku ndi kumenya anthu popanda chifukwa. Choncho vuto silinali lake yekha. Linali la mbumba yonse, ndipo mbumba yonse inkayenera kulikonza.

Mwambo unkasiyana malinga ndi dera, koma mutu wake unali umodzi. Wobwerayo sankalowa m'nyumba tsiku loyamba, sankadya mbale imodzi ndi anthu, sankagona ndi mkazi wake. Akulu ankapita naye pa mtengo wa nsembe kukauza mizimu ya makolo kuti mwana uja wabwera. Sing'anga ankamufukiza, kumutemera mphini, kumumwetsa mankhwala otsuka m'mimba. Zovala zimene anabwera nazo zinkatenthedwa. Kwina ankamulowetsa m'kanyumba ka udzu, n'kukayatsa moto, iye n'kutulukamo wothamanga, zonse za kutchire n'kupsera momwemo. Kwina ankapita naye ku mtsinje m'bandakucha, n'kumusambitsa kuti madzi atenge litsirolo, ndipo pobwerera ankamuletsa kucheuka. Pomaliza ankapha nkhuku kapena mbuzi, banja lonse n'kudya naye. A mipingo, makamaka ya Ziyoni, anali ndi njira yawo ya madzi ndi mapemphero, ndipo mabanja ambiri anachita zonse ziwiri, kwa sing'anga Loweruka, ku tchalitchi Lamulungu.

Mphunzitsi wa ku Moçambique konkuno, Alcinda Honwana, anafufuza miyambo imeneyi pakati pa ana amene anakakamizidwa kukhala asilikali. Chimene anaona n'chakuti mwambo sunkafuna kuti munthu afotokoze zimene anachita. Kuzitchula kunali ngati kuziitananso. Nkhondo ankaiona ngati litsiro lomamatira pa thupi, osati ngati mtima weniweni wa munthuyo. Akasamba, wasamba. Kuyambira tsiku limenelo n'kulakwa kumutcha dzina la kutchire kapena kumufunsa kuti unapha angati.

Anthu ophunzira angaseke, koma awerengere. Panalibe ndende yokwana anthu 92,000. Panalibe madokotala a maganizo okwana ngakhale boma limodzi. Njira imeneyi inabweza anyamata zikwizikwi ku khasu pa mtengo wa nkhuku imodzi, ndipo kubwezerana kumene dziko lonse linkaopa sikunachitike.

Koma pali munthu mmodzi amene mwambowu sunamufunse: mwini maliro. Mayi amene mwamuna wake anaphedwa pakhomo anangouzidwa kuti inali nkhondo, zapita. Mtsikana amene anagwidwa n'kukakhala mkazi wa msilikali ku kampu, n'kubwerako ndi mwana wosadziwika bambo, anasambitsidwa nayenso, koma palibe anamupepesa. Ku Gorongosa, wofufuza wina, Victor Igreja, analemba za mizimu yotchedwa magamba, ya asilikali ofera ku nkhondo, imene inayamba kugwira anthu, makamaka akazi, nkhondo itatha. Mzimu ukalankhula m'kamwa mwa wodwalayo unkaulula zimene zinachitika, ndipo banja lonse linkakakamizika kukhala pansi kumvetsera. Zimene amoyo anapangana kuti asanene, akufa anazinena.

Maliro nawo anagwira ntchito yawo mwakachetechete. Pa maliro adzukulu safunsa kuti womwalirayo ankavotera ndani. Amene sapita ku maliro a anzake amadziwa kuti tsiku lake adzakumba yekha. M'bairo ngati Mpadue, mmene anthu anachokera kosiyanasiyana, chibale chatsopano chinamangidwa chonchi: kusonkha ufa wa pa siwa, kubwerekana khasu, kuimba kwaya imodzi.

Mipingo inachitanso china. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, kudzera mu Conselho Cristão de Moçambique, anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, yodziwika kuti TAE. Munthu ankabweretsa mfuti imene anakwirira, osafunsidwa dzina, n'kulandira njinga, makina osokera, malata kapena makasu. Akuti zida zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa. Zina amisiri anazidula n'kupanga zosema, ndipo mpando wopangidwa ndi mfuti zimenezi, wa mmisiri Cristóvão Canhavato, unakafika ku British Museum ku London. Koma kuchuluka kwa mfutizo kukunenanso china: anthu ambiri anasamba, koma chitsulo anachisunga pansi, kuti mwina mwake.

A kumadzulo kwa Africa anasankha kulankhula

Kutali ndi kuno, kumadzulo kwa Africa, kuli dziko la Sierra Leone. Nkhondo yawo inayamba mu 1991 n'kutha mu 2002. Inali yofanana ndi ya kuno m'zambiri: ana ogwidwa n'kupatsidwa mfuti, midzi yotenthedwa, anthu odulidwa manja. Koma itatha, iwo anatenga njira ina. Anakhazikitsa komiti yofufuza zoona, imene inatulutsa lipoti lake mu 2004, ndi khoti lapadera loweruza akuluakulu. Khoti limenelo mu 2012 linagamula Charles Taylor, amene anali pulezidenti wa Liberia, kuti akakhale m'ndende zaka 50.

Komabe anthu a kumidzi ankaona kuti zonsezi zikuchitikira kutali, m'matauni, pamene wodula dzanja ndi wodulidwa akukumana tsiku ndi tsiku pa chitsime. Ndiye munthu wina womenyera ufulu wa anthu, John Caulker, anayambitsa ntchito yotchedwa Fambul Tok, kutanthauza kukambirana kwa pabanja m'chilankhulo chawo cha Krio. Inayamba mu 2008 m'boma la Kailahun, kumene nkhondo inayambira.

Amachita chonchi. Mudzi umakonzekera kwa miyezi. Tsiku likafika amasonkha moto waukulu usiku, anthu onse n'kuzungulira. Wolakwiridwa amaimirira n'kunena zimene zinamuchitikira, ndipo ngati wolakwayo alipo amamutchula. Iye amatuluka, n'kuvomera, n'kupempha chikhululukiro pamaso pa mudzi. M'mawa mwake amathira nsembe ndi kuyeretsa malo amene panakhetsedwa magazi. Pambuyo pake amasankha mtengo wa mtendere wokambirapo milandu, amalima munda wa mudzi wonse, achinyamata amasewera mpira, amayi amapanga gulu lawo.

Kodi njira yabwino ndi iti, yawo kapena ya kuno? Ofufuza atatu, Jacobus Cilliers, Oeindrila Dube ndi Bilal Siddiqi, anatsata midzi 200 ya ku Sierra Leone, ina yochita mwambowu, ina ayi, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 2016. M'midzi imene munasonkhedwa moto, anthu anakhululukirana kwambiri, anayamba kukhulupirira amene anali asilikali, ndiponso kugwirira pamodzi ntchito za mudzi. Koma anthu omwewo anavutika kwambiri mumtima: nkhawa, chisoni ndi kukumbukira zoopsa zinawonjezeka. Mudzi unachira, munthu payekha n'kumva kuwawa. Zikusonyeza kuti makolo a kuno sananame ponena kuti kutchula chinthu n'kuchiitana. Koma a ku Sierra Leone nawo sanalakwe: mayi wamasiye anapeza bwalo loti aimirire n'kumvedwa, chimene mnzake wa ku Tsangano sanachipeze.

Ku Liberia, dziko loyandikana nalo, amene anakankha mtendere anali amayi. Mu 2003 amayi achikhristu ndi achisilamu, motsogozedwa ndi Leymah Gbowee, anavala zoyera n'kumakhala pansi tsiku ndi tsiku pafupi ndi msika wa nsomba ku Monrovia. Zokambirana zitachedwa ku Accra, m'dziko la Ghana, anakakhala pa zitseko za holo n'kuletsa amunawo kutuluka. Pangano linasainidwa mu Ogasiti chaka chomwecho.

Ndipo ku Mali ndi ku Niger kuli mwambo umene inu simungaudabwe. Mitundu ina ndi mabanja ena amaloledwa kunyozana poyera, wina kumutcha mnzake kapolo wake kapena wakuba nyemba, koma n'choletsedwa kukwiya kapena kukhetsana magazi. A ku Mali amautcha sanankuya. Pakabuka mkangano, wa chibale chotereyu ndiye amalowa pakati, n'kunena chilungamo chowawa mwa nthabwala. Ndi chisuweni chomwechi, ndi chimbuya chomwe Angoni ndi Abemba amachita ku Zambia. Kumeneko anauona kuti ndi chuma, mpaka UNESCO inalemba mwambo wa ku Niger m'kaundula wake mu 2014. Kuno ena amauyesa chibwana.

Mlandu suwola

A ku Tete safunika kuphunzitsidwa kuti nkhani yokwiriridwa imatulukanso. Makilomita osakwana 30 kuchokera mumzinda, cha kumwera, kuli Wiriyamu. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu m'midzi isanu: Wiriyamu, Chaworha, Juawu, Riachu ndi Djemusse. Ansembe a ku Spain amene ankagwira ntchito kuno analemba maina a ophedwa n'kuwatulutsa mobisa, ndipo Bambo Adrian Hastings anafalitsa nkhaniyi mu nyuzipepala ya The Times ku London mu Julaye 1973. Boma la Portugal linakana, mpaka kunena kuti mudzi wa dzina limenelo kulibe. Wolemba mbiri Mustafah Dhada anadzasonkhanitsa maina 385. Mu Seputembala 2022, patapita zaka pafupifupi 50, nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ali ku Maputo, anavomera poyera kuti chinali chinthu chosakhululukika. Chinatheka chifukwa wina analemba maina. Ophedwa pa nkhondo ya zaka 16 ambiri alibe ngakhale mndandanda.

Mtendere wa ku Roma unagwira zaka 20. Kenako akuluakulu anayambananso, pa nkhani za chisankho, za maudindo ndi za asilikali akale. Mu 2013 mfuti zinayambanso kulira m'chigawo cha Sofala, ndipo mu Okutobala asilikali a boma analanda kampu ya Dhlakama ku Satunjira. Mu 2015 ndi 2016 moto unafika kuno, cha ku Nkondedzi m'boma la Moatize ndi ku Tsangano. Anthu oposa 10,000 anawolokanso malire n'kukaunjikana pa mudzi wa Kapise ku Mwanza. Ambiri anauza a UNHCR ndi a Human Rights Watch kuti asilikali a boma ankatentha nyumba ndi nkhokwe powaganizira kuti akudyetsa a Renamo. Boma linakana. Ena anasamutsidwira ku Luwani, kampu yomwe ija imene makolo awo anakhalamo. Amene anathawa ali kumsana mu 1986 anathawanso atabereka wake.

Apa pali chofunika kuchiona bwino. Nkhondo yachiwiriyi sinayambire pa chitsime kapena pa malire a munda. Anansi amene anasambitsana mu 1993 sanadzukirane. Inachokera kumwamba. Mudzi ungathe kuyeretsa mwana wake, koma sungathe kuwerenga mavoti a dziko lonse kapena kulipira penshoni ya msilikali wakale.

Dhlakama anamwalira mu Meyi 2018. Pa 6 Ogasiti 2019 Pulezidenti Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade anasaina pangano lina ku Maputo. Asilikali a Renamo 5,221 anatula zida, ndipo kampu yomaliza, ya ku Vunduzi ku Gorongosa, inatsekedwa mu Juni 2023. Koma chisankho cha Okutobala 2024 chinabweretsa zionetsero m'dziko lonse, mabungwe owerengera ananena kuti anthu oposa 300 anafa, ndipo mu Disembala chaka chimenecho anthu zikwi anawolokanso kulowa ku Nsanje. Ambiri mwa amene anali m'misewu sanali asilikali akale. Anali achinyamata obadwa pangano la ku Roma litasainidwa kale.

Kalembera wa 2017 anapeza kuti pafupifupi theka la anthu a dziko lino anali osakwana zaka 15. Amenewa coluna sakuidziwa, Mankhokwe sakuidziwa. Madandaulo awo ndi ena: ntchito, malo, mtengo wa zinthu. Malasha a ku Moatize anabweretsa ndalama ndi alendo, koma anasamutsanso mabanja, ndipo mu Januwale 2012 anthu amene anawapititsa ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba ndi minda imene anapatsidwa. Mzinda wa Tete ukukula, ndipo malo amene kale ankadyetsapo mbuzi tsopano ali ndi mtengo wake.

Milandu imene imafika kwa sekeletale wa bairo, kwa mfumu kapena ku bwalo la anthu, tribunal comunitário, limene lamulo la 1992 linakhazikitsa, ndi yaing'onoing'ono pomva. Mbuzi yalowa m'dimba. Wina wasuntha mwala wa malire. Malo amodzi agulitsidwa kwa anthu awiri. Oweruza ake salandira zambiri, ena amakondera, ndipo amayi sapatsidwa mpata wokwanira wolankhula. Komabe ambiri mwa okhala pa mipando imeneyo ndi a m'badwo uja umene unaona kumene mkangano wosasamalidwa umathera, ndipo chaka ndi chaka akuchepa.

Madzulo ku Mpadue kutentha kukatsika, amayi amakwera kuchokera ku madimba ndi mitolo ya ndiwo, malole akupitirirabe pa mlatho, nyali zitayaka. Pa khonde pamakhala agogo, mwendo wina uli ndi chipsera chachitali. Mdzukulu akafunsa kuti chinachitika n'chiyani pamenepa, agogo ambiri amayankha mofanana: amamutuma kuti akatsekere mbuzi.